Chitenje Chakuda M'tcheni cha Njinga

Moni omvera nonse. Ndine mayi wamasiye, ndimakhala ku Glasgow.

Malemu amuna anga ankakonda kupalasa njinga m'mbali mwa ngalande yakale ya mumzinda uno. Ankati inakumbidwa pamanja, ndipo kanjira kake kanali ka akavalo okoka maboti. Mwezi watha ndinakwera njinga yawo kuti ndikaoneko, nditavala chitenje chakuda cha maliro.

Pansi pa mlatho kanjirako n'kopanikiza. Pomwepo chitenje chinakodwa m'tcheni. Njinga inagwera m'madzi n'kuyamba kundikoka. Kusambira sindidziwa. Ndinakakamira mwala, miyendo ili m'madzi ozizira, ndikuganiza za ana anga awiri.

Mayi wina woyenda ndi galu anandigwira mkono. "Masulani nsaluyo," anatero. Ndinazengereza, poti kwathu nsalu imeneyi amakuvula ndi akuchimuna, nthawi yake ikakwana. Kenaka ndinaimasula, inamira pamodzi ndi njinga.

Ndinaimbira foni apongozi kumudzi, ndikuopa kuti ndalakwira mwambo. Iwo anati, "Mwana wanga, ukanamira nayo, adzukulu angawo akanawalera ndani?"