Chotupa chimene ndinachitcha phudzi

Ndikupatsani moni nonse m'dzina la Ambuye wathu Yesu Khristu. Abusa, akulu a mpingo, amayi anzanga, achinyamata kumbuyo uko, mtendere ukhale nanu. Mundikhululukire, umboni wangawu ndachita kuulemba papepala. Ndikamayankhula za pamtima mawu amandithawa. Ndiye ndiwerenga. Mukaona ndaima, musadabwe, ndipitiriza.

Ine ndine Joyisi, amake Tadala, wa kwa Malemia kufupi ndi boma la Nsanje. Amuna anga ndi a Zuze, awo akhala pafupi ndi khomo atafungatira chipewa cha panjinga. Andilola kuti ndinene zonse. Zonse, abale, ngakhale zija sitizitchula m'tchalitchi.

Mavuto asanabwere tinali bwino ndithu. Bambo a Tadala ankapalasa kabaza. M'mawa ankanyamula madengu a nsomba kuchokera kudoko la ku Ndinde kupita nawo kumsika, masana ankanyamula anthu. Miyendo yawo inali ngati mitengo ya tsanya. Anzawo pasiteji ankawatcha Injini. Ine ndinali nditangobwera kumene kukoleji ndi satifiketi ya za chitukuko cha m'midzi. Ili pakhoma mpaka lero, m'felemu. Ndaitchula dala, kuti mudziwe kuti zimene ndinachita sindinazichite mwaumbuli.

Tadala atabadwa, apongozi anga anabwera kuchokera kwa Ndamera kudzandithandiza. Anatikhazika pansi. Mwamuna azigona kwake, mkazi kwake, mpaka akuluakulu anene kuti nthawi ya madzwade yakwana, banja libwerere pamphasa imodzi.

"Mukafulumira, mwamuna adwala kanyera," anatero. "Atupa, aonda, mumuika m'manda. Mwamva?"

Tinati tamva. Koma sitinadikire. Apongozi atabwerera kwawo kukadzala mapira, ife tinaphwanya lamulolo, n'kupangana kuti tisauze munthu.

Patapita miyezi iwiri, Lamlungu lina m'mawa, ndinawapititsira madzi kubafa. Anandiitana ndi mawu amene ndinali ndisanawamvepo.

"Amake Tadala, talowani kaye. Taonani izi."

Mbali imodzi kumalo awo obisika inali itatupa. Ndinagwira. Chinthu cholimba, abale, ngati mwala wa mumtsinje.

"Chikuwawa?"

"Nkhabe, sichikuwawa. Chikungolemera."

Mtima wanga unagwa pomwepo. Ndili kukoleji kunabwera mayi wina wa zaumoyo, anatiphunzitsa zimenezi. Anati phudzi limakhala lofewa chifukwa ndi madzi, koma chotupa cholimba chosapweteka musagone nacho, thamangani kuchipatala. Ndinalemba m'kope. Pamayeso funso limeneli ndinakhoza. Ndinkadziwa. Ndinkadziwa!

Amuna anga anandiyang'ana ngati mwana. "Ndi kanyera eti? Zija ananena amayi zija?"

Mukudziwa chimene ndinaganiza? Sindinaganize za moyo wawo. Ndinaganiza za mlamu wanga amene amagulitsa mandasi pageti la chipatala. Ationa tikulowa, dzuwa lisanalowe nkhani ifika kwa Ndamera. Apongozi awerenga miyezi pazala. Ine ndikhala mkazi wophunzira uja, wonyoza miyambo, amene wapha mwana wa eni.

Ndiye ndinaseka. Ndinaseka, abale!

"Aa, inunso! Phudzi ili. Amalume anu ali nalo zaka zingati? Kodi salima? Kuchigwa kuno ndani alibe m'bale wa phudzi?"

Anapuma mwamphamvu, nawonso anaseka. Ndinawapatsa sopo, ndinatuluka, ndinabereka mwana, tinabwera kuno kudzapemphera.

Chinthu chija sichinaime. Chinkakula mwakachetechete. Poyamba anamanga siponji pampando wa njinga. Kenako anapempha chitenje changa chakale, anakulungirapo. Kenako anayamba kukhala chammbali. Pamapeto anasiyiratu kukhala, ankapalasa choimirira ulendo wonse, katundu ali kumbuyo. Anzawo ankawaseka pasiteji.

"Injini, mpando ukuotcha kodi?"

"Akupalasa ngati njingayo waba!"

Iwo ankaseka nawo. Akafika kunyumba ankagwira msana. Lamba anamuboola bowo lina, kenako linanso. Ine ndinkaona zonsezi. Ndinkagwada pabenchi lomwelo akhala amayi a Chikondiwo, koma pemphero langa silinali loti Ambuye awachiritse. Linali loti anthu asadziwe. Ndikuulula pamaso panu.

Tsiku lake linali Lachinayi, m'mwezi wa Okutobala, dzuwa lili paliwombo. Ananyamula madengu awiri a milamba. Pali malo ena pamene madzi osefukira anagumula mlatho, anthu amatsikira kumunsi n'kudutsa pamchenga. Munthu wokhala pampando amadutsapo bwinobwino. Iwo anatsetsereka choimirira. Tayala lakutsogolo linatitimira, anauluka kudutsa mahandulo, mutu unakamenya simenti ya mlatho wogumukawo. Chipewa analibe. Nthawi imeneyo ndani wa kabaza ankavala chipewa?

Anandiimbira ndi mnzawo wa pasiteji, a Antonyo.

"Mlamu, bwerani kuchipatala. Mwana musiyeni kwa aneba."

Ndinawapeza magazi akutuluka m'khutu, maso ali otsegula pang'ono koma osaona. Malaya akununkha nsomba. Tsiku lomwelo anatitumiza kuchipatala chachikulu ku Blantyre. Ambulansi ikukwera chitunda chopita ku Blantyre, ine nditagwira phazi lawo, ndinkangoti Yesu, Yesu, Yesu. Mawu ena ndinalibe.

Apongozi anafika m'mawa mwake. Ali pomwepo, dokotala wina wachitsikana anandiitana. Anamwino anali atadula buluku la amuna anga ndi lumo, ndipo anaona.

"Mayi, chotupa ichi chinayamba liti?"

"Sindikudziwa," ndinatero.

Munthu ali gone pamenepo, mapaipi ali m'mphuno, ine ndikunamabe! Dokotala anandiyang'ana.

"Za mutu tikuyesetsa. Koma ichi tikuopa kuti ndi khansa. Tiyenera kudziwa kuti yakhala nthawi yaitali bwanji m'thupi. Mutithandize."

"Miyezi isanu ndi itatu."

Ndinamva apongozi akupuma kumbuyo kwanga. Nditatembenuka ndinaona zala zawo zikuyenda, chimodzi, chimodzi, monga momwe ndinaopera tsiku lija kubafa. Anakachotsa mphasa yawo pafupi ndi yanga kumalo ogona odikirira odwala, n'kukaiyala kutali.

Ndinamutsatira dokotala uja pakhonde. Ndinamufunsa ngati ndi kanyera. Anati ayi. Anati siichokera kwa mkazi, siichokera kuuchembere, siichokera kunjinga. Imagwira amuna ambiri akadali achinyamata, ndipo ikapezeka msanga imachizika. Msanga. Mawu amenewo anandilasa kuposa chitonzo chilichonse. Yawo inali itayamba kale kufalikira kumsana.

Amuna anga anatsitsimuka patapita masiku asanu ndi anayi. Ndinathamangira pabedi. Anandiyang'ana mwaulemu, n'kunena kuti, "Anesi, madzi." Anesi! Ine mkazi wawo. Atawabweretsera Tadala, anafunsa kuti mwana wokongolayu ndi wa ndani.

Abale ndi alongo, pamenepo ndiye panali pansi penipeni.

Mutu utakhazikika pang'ono, anawachita opaleshoni, anachotsa mbali yodwalayo. Kenako mankhwala a m'diripi, mwezi ndi mwezi, kukwera chitunda ndi kutsika. Tsitsi linathothoka. Ankasanza ngakhale madzi. Nkhope yanga anaikumbukira, dzina la mwana linabwerera, koma mawu ena ankasowa pakamwa. Akafuna kapu ankati, "Chija, chija," kenako ankakwiya, ankamenya khoma.

Ndinawaululira katatu kuti ndinkadziwa. Katatu, chifukwa kawiri konse anaiwala. Ndinkalira, ankandikhululukira, m'mawa mwake zafufutika, ine ndiyambirenso. Kachitatu anati, "Nanenso miyendo ndinali nayo, amake Tadala. Ndinkanyamula anthu kukawasiya pageti la chipatala lomwelo." Ulendo umenewo sanaiwale.

Patatha chaka ndi theka madokotala anati khansa sikuonekanso, ndipo njinga atha kukwera, bola chipewa chikhale kumutu. Ine ndinkaganiza kuti azingozungulira pabwalo. Tsiku lina anabwera ndi a Antonyo, onse akumwetulira ngati ana oba shuga. Akuti akonza mpikisano. Anyamata a kabaza apalase kuchokera ku Marka mpaka pa Thabwa, chigwa chonse, tsiku limodzi. Aliyense ndi chipewa. Pamsika uliwonse waukulu aziima, bambo a Tadala aziuza anthu zimene zinawachitikira.

"Mukufuna ndikutayeni kawiri?" ndinakuwa. "Ndi mutu umenewu? Ndi dzuwa la kunoli?"

"Pasiteji pathu pali wina akukhala chammbali pampando," anatero. "Ndamuona. Akumuseka monga ankandisekera ine."

Ndinawalola.

Ananyamuka ku Marka m'bandakucha, amuna oposa makumi awiri, ena zipewa zobwereka kwa a njinga zamoto. Ine ndinali m'kagalimoto ka kumbuyo ndi zigubu za madzi. Apongozi anaumirira kukwera nawo, Tadala ali pamiyendo pawo. Chiyambire ku Blantyre kuja tinkangopatsana moni basi. Ulendo wonse maso anga anali pa chipewa chawo chofiira. Chikapendekeka, mtima wanga unkapendekeka nacho. Tikuyandikira pamlatho uja ndinatsinzina. Nditatsegula maso anali atadutsa, ali chikhalire pampando.

Kuboma anayankhula bwino, mawu ochepa. Pa Tengani a Antonyo anawathandiza. Koma pofika pa Bangula dzuwa linali litakwiya, phula likuchita ngati likuyenda. Anzawo anali atafika kalekale. Iwo anafika milomo itayera, akudzandira potsika. Anthu anali atadzaza, ogulitsa mbuzi, azimayi a nsomba, ana a sukulu. Anawapatsa chimkuzamawu.

"Abale anga, ine ndinadwala chija. Chija. Ndinali ndi chija."

Mawu anathawa. Anayesanso. Chija. Wina kumbuyo anakuwa, "Chija chiyani, madala? Njala?" Anthu anaseka. Amuna anga anandifunafuna ndi maso, ndipo atandipeza anandiyang'ana monga anandiyang'anira kubafa Lamlungu lija. Chimodzimodzi.

Mkazi angatchule zimenezi pamsika, apongozi ake ali pambali? Ndinawacheukira. Iwo sanandiyang'ane nkomwe, ankakonza kachipewa ka Tadala.

"Longani, mwananga," anatero. "Kukhala chete munayesa kale. Tinaona."

Ndinakwera pamwamba pa kagalimoto kaja. Ndinatenga chimkuzamawu.

"Amuna anga anadwala khansa ya machende!"

Msika wonse unati zii. Mayi wina anagwira pakamwa. Anyamata anati eee! Ine ndinapitiriza, chifukwa ndikanaima sindikanayambanso. Ndinati ndinachigwira ndi dzanja langali, chinali cholimba, sichinkawawa, ndipo ndinawanamiza kuti ndi phudzi poopa manyazi. Ndinati si kanyera. Ndinati abambo, dzigwireni posamba, mukapeza cholimba pitani tsiku lomwelo. Ndinati onani munthu uyu, ankakumbukira dzina la kasitomala aliyense, lero akusowa dzina la kapu, chifukwa cha chipewa chimene sanavale. Palibe anasekanso.

Ndinanenanso pa Ngabu. Ndinanenanso pa Nchalo, ndi kwa Maseya. Mawu anasasa. Pa Nchalo ndinawapempha kuti akwere galimoto, zakwana. Anapukusa mutu, anathira madzi m'chipewa, n'kuchivalanso. Anafika pa Thabwa omalizira, dzuwa likulowa, anzawo onse atafola m'mbali mwa msewu akuliza mabelu. Atatsika anagwa chokhala. Ndinathamanga ndikuganiza kuti zachitikanso. Anali akuseka.

Tikukweza njinga m'galimoto, bambo wina mwa opalasawo anandiyandikira, maso ali pansi. Pampando wa njinga yake panali siponji.

"Mlamu, mwati cholimba?"

"Cholimba."

"Chosawawa?"

"Chosawawa."

Lolemba lake anapita kuchipatala, ndipo anamuperekeza ndi bambo a Tadala. Zotsalazo adzanena yekha akadzafuna.

Lero amuna anga sanyamulanso anthu. Amakonza njinga pansi pa mtengo wa nimu pafupi ndi siteji, ndipo wopanda chipewa amamukalipira asanamumatire tayala. Amaiwalabe. Mayina a zipangizo ndinawalembera pakatoni. Apongozi akabwera amayala mphasa yawo pafupi ndi yanga. Tadala wayamba sukulu ya mkaka. Ndikuthokoza Mulungu amene anandichitira chifundo chimene sindinachiyenere. Ndikuthokoza inu amayi amene munkandisungira mwana. Takhuta, zikomo kwambiri.

Koma sindinama kuti mantha anatha. Sanathe. Miyezi itatu iliyonse timakwera chitunda chija kukayezetsa, ndipo ulendo uliwonse ndimakhala nditagwira mtima m'manja. Tsiku lathu ndi Lachiwiri likubwerali. Ayamba kakutsokomola kouma, abale. Mwina ndi fumbi chabe. Mwina si fumbi. Mutipempherere.

Chimene ndikudziwa ndi chimodzi. Dokotala akandifunsa kuti chifuwachi chinayamba liti, sindidzacheukira munthu. Ndidzati Lachisanu lapitali, m'mawa, akumanga nsapato.

Dzina la Ambuye lilemekezeke. Ameni.