Tsiku limene a Nakoma anatambasula mkono

Zaka zija matipate atakhazikika, pamene maliro ankachuluka m'malaini a antchito a ku esiteti ya tiyi kuposa maukwati, ine ndinali wophunzira pa kakoleji ka mpingo kufupi ndi Nkando. Ndinalowa ndili wamkulu kale, nditasiya kuthyola tiyi, ndipo mkazi wanga woyamba, amene tinathawa naye nkhondo kuchokera ku Milanje, kutsidya kwa malire, anali atamwalira atadwala nthawi yaitali.

Lero inu ana mumakayezetsa magazi ngati mukupita kuchigayo, koma kale matenda aja sitinkawatchula dzina, tinkangoti zomwezi, ndipo wophunzira za ubusa akaganiziridwa, amenewo anali mathero ake.

Chaka chachiwiri ndinayamba kutsokomola ndi kuonda, mpaka kolala ya malaya inkandizungulira pakhosi. Anzanga anayamba kusuntha mbale zawo patebulo. Ine ndinangoganiza zolongedza katundu mwakachetechete, ndikafere kwa mlongo wanga ku Limbuli.

Amene ankatiphunzitsa Chipangano Chakale anali a Pulofesa Nakoma, bambo wamfupi, wa imvi, wosachedwa kukalipa ukalakwitsa vesi. Tsiku lina titaweruka anandiitana pansi pa mtengo wa mapeyala, ndipo sanazungulire. Anati aona mmene ndathera, ndiponso amva kuti ndikufuna kuthawa. Ndinawayankha kuti ndi bwino kusadziwa.

"Achimwene," anatero, "wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Mawa tipitira limodzi kuchipatala."

Ndinkayesa akundiperekeza chabe. Koma titafika, pamzere pali amayi a mumpingo mwathu amene ankawadziwa bwino, iwo anakhala pabenchi pambali panga, napinda mkono wa malaya, nauza namwino kuti ayambe kuyeza magazi awo. Anthu anayang'anana. Mukuona ana inu, munthu wophunzira mpaka kunja, kudziika pakamwa pa anthu chifukwa cha ine, wothyola tiyi.

Magazi anga anapezeka ndi kachilombo. A Nakoma anandigwira paphewa mpaka pa siteji ya minibasi, akundifunsa za mayeso a sabata yotsatira ngati palibe chachitika.

Chimene chinkandiopsa tsopano chinali bungwe la koleji. Akuluakulu ena ankati ndichotsedwe, poti nkhosa sizingatsate mbusa wotere. Tsiku la msonkhano wawo ine ndinadikira pakhonde, ndikumva mawu a Nakoma akukwera m'katimo. Ndinamva pambuyo pake kuti anawafunsa mmodzimmodzi ngati alipo amene sanaikepo m'bale wake ndi nthenda yomweyi, ndipo onse anangozyolika.

Atatuluka anandiyang'ana ndi nkhope yawo yokalipa ija.

"Mukudikira chiyani pano? Kalasi yayamba kale."

Ndinapuma mpweya umene ndinausunga miyezi yambiri. Ndinalowa m'chimbudzi n'kulira, kenaka ndinasamba kumaso, n'kupita kukakhala pampando wanga.

Mankhwala otalikitsa moyo atafika, iwo ndiwo ankandikumbutsa tsiku lokatenga, ndipo akandipeza ndadumpha chakudya ankandikalipira ngati mwana. Ndinamaliza, ndinadzozedwa, ndinakwatiranso agogo anuwa, ndipo a Nakoma ndinawaika m'manda ndine, atakalamba bwinobwino.

Tsono adzukulu anga, mukaona mnzanu akusuntha yekha kupita kumapeto kwa benchi, musamutumizire malangizo muli patali. Nyamukani mukakhale pambali pake, anthu akuona.