Madontho Atatu Kunsi kwa Mapikapu

A muulutsi, ndine bambo wamasiye wa muno mu Lilongwe, ndipo sindifulumira kukhulupirira zodabwitsa. Koma ichi chandikhala pamtima.

Malemu mayi a kunyumba ankaika madontho atatu a utoto wofiira wopaka m'zikhadabo pa ziwiya zathu, kuti zisasokonekere zikapita kumaliro. Pamaliro awo omwewo, zaka zinayi zapitazo, gitala yanga yamagetsi inabedwa. Ndinasiya kuimbira kwaya, ngakhale kuti ali m'chipatala anandipempha kuti ndisadzasiye.

Mwezi watha mpingo unandituma kukagula gitala yakale ku Msika wa Tsoka, yoti aziimba ena. Ndinapita nayo kwa mmisiri wa ku Area 1 kuti aone ngati mapikapu ake, tizitsulo totola mawu pansi pa nsambo, ndi enieni.

Atamasula anati, "Bambo, awa si a gitala iyi, anawachotsa kwina. Nanga awa ndi magazi?"

Kunsi kwa onse awiri kunali madontho ofiira, atatu atatu. Komatu mayi a kunyumba sanatsegulepo gitala yanga yobedwa ija. Nditakhudza dontho limodzi, utoto unamata pachala ngati wangopakidwa kumene, ndipo fungo lake linali lija la kuchipinda kwathu.

Mmisiri anafutukira kumbuyo. "Ndiwachotse?"

"Ayi, achimwene. Bwezeranimo."

Sindikunena kuti ndi mzimu, Mulungu ndiye akudziwa. Koma Lamulungu lapitali ndinaimirira kutsogolo ndi gitalayo, banga lofiira likadali pachala, litakana sopo.