Kumbuyo Kwalimba

Mkamwini, makaniko wosadziwa kuzungulira nkhani, anapeza apongozi ake atatsamira chipata cha galaja, dzanja lili m'chiuno. Dzulo lake mkuluyo anali atabwera pagalajapo kudzatenga galimoto yake yakalekale, yofiira, ya mipando iwiri, mkamwini atapita kukagula zipangizo.

"Bambo, galimotoyi munaitengeranji? Ndimafuna ndikuuzeni kuti..."

"Ayi, ayi! Munalankhula kale sabata yatha. Munati masipuling'i olimba amene ndikufuna muike kumatayala akumbuyowa andithyola msana. Lero muziyankha zimene ndafunsa basi."

"Chabwino, bambo."

"Kumbuyoku kukugwederanso ngati kale?"

Mkamwini anakanikiza kumbuyo kwa galimotoyo ndi manja onse awiri. Galimoto inangoti nji.

"Sikukugwedera."

"Mwaona! Ndapyola maenje onse a msewu wa kumsika, osakhula pansi ngakhale kamodzi."

"Nanga mukuyankhuliranji ngati muli ndi thonje m'kamwa?"

"Mano oikirira aja anagwa pa dzenje lachitatu. Anali akale, musawadandaule."

"Khalani pampando apa, bambo."

"Sindikhala. Munthu woyendetsa galimoto yothamanga amakonda kuimirira."

"Mayi bwanji? Anakwera nawo?"

"Anakwera, koma anatsikira pa sitolo ya mankhwala. Akuti asamukira kwanu mpaka ndiigulitse. Akazi sadziwa galimoto!"

"Ndiye mwakhutira nayo?"

"Kwambiri! Mwinanso yafewa pang'ono."

"Yafewa? Ndingathe kuilimbitsa."

"Iyayi!" Mkuluyo anadzidzimuka, kenaka anagwira msana n'kuluma mlomo. "Ndikutanthauza kuti... musavutike. Kodi akale aja ali kuti? Ndikufuna ndizingowayang'ana, andikumbutse unyamata."

"Munati ndiwataye kutali koti musadzawaonenso."

"Ndiye munawataya?"

"Kutsidya kwa mtsinje. Ndinachita kukwera basi."

"Mayo ine! Munthu sangalankhule mwaukali pang'ono?"

"Simunafunse zimenezo, bambo."

Apongozi anapumira m'mwamba. Anayesa kuwerama kuti asuzumire kunsi, koma msana unakana pakatikati, anangotsala chopindika ngati chogwirira ambulera.

"Mkamwini, tandiwongolani kaye. Pang'onopang'ono! Eya. Tsopano mundiuze, poti anzanga akufuna kudziwa. Masipuling'i amphamvu chonchi amapangidwa kuti?"

"Amene ali m'galimotomu?"

"Nanga ati?"

"Kwa kalipentala wa kuseriyu."

"Kalipentala?"

"Eya. Nditachotsa akale aja ndinachirikiza ndi zipika ziwiri, kuti galimoto isakhale pansi podikira atsopano. Atsopanowo afika m'mawa uno. Ndi awo mwapondawo."

Mkuluyo anayang'ana katoni imene inali kuphazi kwake. Anayang'ana galimoto, nayang'ananso mkamwini, nthawi yaitali ndithu.

"Bwanji osanena?"

"Mwangofunsa kumene, bambo. Ndiwaike tsopano?"

Apongozi anakonza kolala ya malaya, natukula chibwano.

"Muwaike. Koma anzanga akafunsa, muwauze kuti zipikazo ndinaitanitsa ndine, kuchokera kunja."