Mpando wa Amayi Serafina Utsale

A Diretori a sukulu yathu, alendo athu ochokera ku ofesi ya maphunziro, akulu a mpingo, makolo, abambo Aniceto, amuna a amayi Serafina, ndi ana ndi adzukulu amene mwasamba fumbi la msewu wa ku Chiputo kuti mufike kuno, aphunzitsi anzanga, ndi inu atsikana amene mwaunjikana pazenerapo poganiza kuti sitikukuonani: moni nonsenu.

Ine ndine Mónica, ndimaphunzitsa Chipwitikizi. Andisankha kuti ndilankhule ati chifukwa ndimakonda kulemba. Anaiwala kuti ndimakondanso kulira. Mundipirire.

Azibambo, ndikuchenjezerenitu. Sindingathe kunena za amayi Serafina popanda kunena za kumwezi. Eya, ndatchula. A Salvador, ophika athu, ayamba kale kuyang'ana khomo. Khalani pansi, a Salvador. Nkhani yanu ili m'njira.

Ndinafika kuno ku Fíngoè ndili kamtsikana, ndi sutikesi imodzi. Munthu woyamba kundilandira sanandifunse dzina. Anagwira mkono wa bulauzi yanga, nkuitikita ndi zala, nkufunsa, "Iyi imauma msanga?" Pakamwa ali ndi mapini. Ndinkati ndi telala wasochera. Anandiuza anthu kuti ayi, amenewo ndi amayi Serafina, aphunzitsi a Biologia. Kuyambira tsiku limenelo ndimawatcha mana, chifukwa ndi akulu anga m'zonse, kungoti sitinayamwe bere limodzi.

Ndani muno amene sanagwiridwepo malaya? A Diretori, musatsutse. Tinaona. Ndipo ambulera wanu uja, amene anangothyoka nthiti imodzi nkusowa mu ofesi, lero ndikhoza kukuuzani kumene anapita. Dikirani pang'ono.

Zonsezi zinayamba ndi Paula. Akale mukumukumbukira. Ankakhala kutsogolo, ankayankha funso mphunzitsi asanamalize kufunsa. Tsiku lina anamuitana kubolodi. Atadzuka, siketi yake inali itathimbirira kumbuyo. Anyamata anaseka. Mana Serafina anavula kapulana yawo nkumufunditsa, natuluka naye. Mwezi wotsatira Paula anajomba masiku angapo. Winawo anajombanso. Titatsegulira sukulu chaka china, malo ake anali opanda munthu. Tinadzamva kuti akuphika chakudya kumigodi ya golide. Mpaka lero mana akakwera mota, njinga yamoto yahayala ija, amafunsa woyendetsa, "Kumigodiko simunaoneko mayi wina wamtali, wa mpata kumano?" Palibe amene anabwerapo ndi yankho.

Nthawi imeneyo atsikana a ku internato, ogonera pasukulu pano, anali ndi njira ziwiri. Amene makolo awo anali ndi kangachepe ankagula mapensu, mapadi otaya aja, kumsika. Ena onse ankang'amba nsanza. Mapensu otayawo anatidzazira zimbudzi, chifukwa pulasitiki saola. Ena ankatayidwa patchire kuseri, agalu nkumakoka mpaka pabwalo la mpira. Mbuzi ya a Zeferino oyandikana nafe inafa nawo m'mimba. Ndipo mvula ikadula msewu, kumsika ankatha, ndiye onse ankabwerera ku nsanza.

Mana anati tipeze chinthu chochapa nkugwiritsanso ntchito. Koma chikhale cha mwana wa sukulu, osati cha dona wokhala pakhonde. Mwana wa kuno amadzuka nkupita pamjigo, kusesa, kalasi, dimba la sukulu, kuwerenga. Mu Okutobala madzi ake ndi a m'kachidebe kamodzi, osambira ndi ochapira omwewo. Alibe nthawi yolera nsalu ngati khanda.

Kunabwera alendo ochokera ku Tete ndi tizikapu talabala tofewa. Anati kamodzi kamatha zaka, kungokatsuka nkukawiritsa mwezi ukatha. Mana anakondwa. Anathamangira kwa a Salvador kukapempha poto. A Salvador anamvetsera bwinobwino, nkuvula chipewa, nkunena kuti, "Amayi, ndimakulemekezani. Koma poto wa nyemba ndi wa nyemba." Si choncho, a Salvador? Nawonso amayi a atsikanawo atamva m'mene kakapuko kamavalidwira, anakana kwamtuwagalu. Mana sanakanyoze. Ena mwa ife aphunzitsi timakagwiritsa ntchito mpaka lero. Anangoti, "Ndi kabwino, koma ana anga alibe poto."

Ndiye anatulutsa makina awo osokera, aja anabwera nawo pobwerera kuchokera ku Zambia nkhondo itatha. Apa ndi pamene tinaona kuti kudziwa Biologia si kudziwa kusoka mapensu. Oyamba anawaika thonje la m'munda mwa abambo Aniceto. Sanaumire, anaika lambiri. Mtsikana woyamba kuyesa anabwera akuyenda ngati bakha. Anati, "Profesora, pepani, koma uwu ndi mtsamiro." Atachapa, thonje linaundana ngati mbatata, ndipo sabata inatha lisanaume.

Ambulera wanu, a Diretori, analowa apa. Nsalu yake silowa madzi. Anaidula tizidutswa toika pansi. Musadandaule, sanapite yekha. Wanga anapita, wa abusa anapita. M'boma lino ambulera akatsokomola pang'ono, mana amakhala atamva.

Kulakwitsa kwachiwiri sikunali koseketsa. Mana anatolera zidutswa za makapulana athu, zamaluwa, zambalame, zowala. Anati ana akonde, aliyense akhale ndi mtundu wake. Anamanga chingwe kuseri kwa internato. Tinawomba m'manja. Miyezi inapita, pachingwe panalibe kanthu. Mana ankati mwina amayanika ife tili m'kalasi.

Kenako, sabata ya ezame, mayeso otsiriza chaka, mtsikana wina, Virgínia, anadwala. Zilonda, kutentha thupi, osatha kukhala pabenchi. Sanalembe, anabwereza chaka. Mana atatukula matiresi ake anapeza mapensu aja ali pansi, onyowa, achita nkhungu. Anatukula matiresi ena. Chimodzimodzi, chipinda chonse.

Ndinalipo pamene anamufunsa. "Mwanawe, chingwe chili apo. Dzuwa ndi laulere. Bwanji?"

Virgínia anayang'ana pansi. "Profesora, anamkungwi anatiuza kuti nyanda saonetsa munthu. Woipa akadulako kachidutswa amakutseka, sudzabala."

"Ndiye ndani angadziwe kuti iyi ndi yako?"

"Aliyense, Profesora. Yanga ndi ya mbalame zofiira. Munandipatsa pamaso pa onse."

Maluwa ndi mbalame zija, zimene mana anasankha mwachikondi, zinali ngati kulemba dzina la mwana pansalu. Ine ndinkadikira ulaliki. Ndi mayi wa mpingo, ndi mphunzitsi wa sayansi, akanatha kunena kuti zimenezo kulibe. Sananene. Potuluka anandiuza kuti, "Mónica, ndikayamba kulimbana ndi anamkungwi ndidzapambana ndili nkhalamba, ana atatha kale."

Anakwera galimoto kupita ku Tete, nkubwera ndi mpukutu wonse wa nsalu imodzi. Yabuluu wakuda, yopanda duwa ngakhale limodzi. Anasintha kasokedwe. Anasoka yoti ukaifunyulula imangokhala ngati kampango wamba, yochapika ndi madzi ochepa, youma dzuwa lisanapendeke. Zonse zofanana. Mwana aliyense anasokerera kachizindikiro kake mkati mwa mpendero, kodziwa yekha. Ndiye anawasonkhanitsa nkuwafunsa, "Woipayo akabwera, adula ya ndani? Mwina adula ya mwana wake yemwe." Atsikana anaseka. Abambo Aniceto atabwera kudzacheza sanapume, anapatsidwa chikwakwa. Mpanda wa udzu uli kuseriwo ndi manja awo.

Komabe chingwe chinakhala chopanda kanthu. Ana ankati nanga wina akalowa ife tili m'kalasi? Tsiku lina masana tinangoona mana atasenza mpando wawo wa kunyumba, uja anawasemera abambo Aniceto atangokwatirana. Anauika pakhomo pa mpanda, nkukhalapo, nkuyamba kuchonga makope. Sanaitane munthu. Patapita nthawi, mtsikana mmodzi anadutsa ndi chidebe. Kenako wina. Madzulo ake chingwe chinali buluu kuyambira uku mpaka uko.

Kuyambira pamenepo, masana aliwonse, mana anali pampando uja, duku lawo lobiriwira lili kumutu. Anapempha kuti maphunziro awo onse azikhala m'mawa. Anyamata anawapatsa dzina loti a Guarda, ndiye kuti alonda. Mukuganiza kuti sankadziwa? Ankadziwa. Zimbudzi zinasiya kudzaza. Agalu anataya mwayi. Ndipo ife aphunzitsi tinasiya kuona mipata ija m'mabenchi a atsikana mwezi ndi mwezi. Virgínia uja lero ndi namwino.

Tsopano ndilankhule ndi inu a ku Chiputo. Chingwe sichidziwa Loweruka. Sichidziwa Lamlungu. Ife tinkapita kwathu kumapeto a sabata, mana ankatsala. Abambo Aniceto, munalima nokha zaka zonsezi. Elsa, iwe unatha msinkhu amayi ako ali kuno, akuyang'anira nsalu za ana a eni. Anakulangiza ndi azakhali ako. Mana anandiuzapo zimenezi kamodzi kokha, ndipo sanamalize chiganizo. Chaka chimene amayi a mana anamwalira, mvula inali itadula msewu, anafika maliro ataikidwa. Anati akanapita mwezi wa m'mbuyo mwake akanawapeza amoyo, koma unali mwezi wa ezame. Zimenezi sitingakubwezereni. Ndafufuza mawu oyenera m'zinenero zonse zimene ndimadziwa, ndapeza awiri okha. Pepani. Zikomo.

Kalata ya reforma, yowapumitsa pantchito, itafika, mana sanakondwe. Chimene chinkawadya ndi chimodzi: ine ndikachoka, ana aziyanikabe? Kapena zibwerera pansi pa matiresi? Sabata yatha anaganiza zoyesa. Anasiya mpando m'chipinda chosokera, nkubwera kudzabisala m'kalasi mwanga, chifukwa zenera langa limayang'ana kumpanda. Anati, "Mónica, tseka pakamwa, tione."

Tsiku loyamba, chingwe chopanda kanthu. Atsikana ankafika ndi zidebe, nkuona pakhomo palibe munthu, nkubwerera. Lotsatira, chimodzimodzi. Mana anakana chakudya. Anandiuza kuti, "Ndataya zaka zanga. Ndimati ndikuphunzitsa ana kuyanika, pamene ndimawaphunzitsa kudalira nkhalamba." Anafuna kupita kwa a Diretori kukafunsa ngati reforma imabwezedwa. Ndinawagwira dzanja, ndinati tidikireko mawa.

Mawa lakelo dzuwa lili pamutu, chitseko cha chipinda chosokera chinatseguka. Anatuluka Gracinda wa kalasi yomaliza, mpando uli pamutu, mabuku m'khwapa. Anauika pakhomo pa mpanda. Anakhalapo, nkutsegula buku. Sanaitane munthu. Kenako chidebe choyamba chinadutsa. Kenako china. Tsiku linalo anakhalapo mtsikana wina. Anagawana okha masiku, aliyense nthawi imene alibe phunziro. Palibe mphunzitsi anawauza.

Mukudziwa chimene mana ananena ataona? Anati, "Waukhazika molakwika. Dzuwa limuwomba kumaso." Atatero anakhala pabenchi ya ana nkulira, ine nkumawatolera mapini pansi.

Gracinda, ndakuona pazenerapo, usathawe. Wamva? Uzitembenuzira mpando kum'mawa.

Ndikanakonda ndinene kuti tsopano mtima wanga uli m'malo. Suli. Ndikayang'ana pazenera langa ndimaona mpando uli ndi munthu, ndimathokoza Mulungu, koma maso anga amafunabe duku lobiriwira lija. Ndipo ndimaganiza za Paula. Akanabadwa mochedwerapo pang'ono, bwenzi mwina lero ali pano, akulankhula m'malo mwanga, ndipo akanalankhula bwino kuposa ine. Mana, musasiye kufunsa a mota. Nafenso tiziwafunsa.

Tsopano pempho. Abambo Aniceto, tamva kuti katundu wamangidwa kale, ndipo mwasiya malo a mpando wanu pamwamba. Munausema ndinu, tikudziwa. Koma sitikubwezerani. Mwendo wake umodzi ndi wamfupi, kumbuyo kwake kunathyoka kalekale, koma ana akauona pakhomo paja amayanika. Utsale. Mukugwedeza mutu, ndiye kuti mwavomera, anthu onsewa ndi mboni.

M'malo mwake, anzanga, bweretsani uja tabisa kuseri kwa chitseko. Mana Serafina, uwu ndi watsopano, uli ndi poika mikono. Mukauike pamthunzi kwanu ku Chiputo, pafupi ndi wa abambo. Musauike pakhomo pa munthu. Musayang'anire chingwe cha aliyense. Mukhalepo, adzukulu akukwereni pamiyendo, Elsa akuphikireni, mumuuze zonse zimene simunapeze nthawi yomuuza. Maambulera a ku Chiputo okha ndi amene ndikuwamvera chisoni.

Pitani bwino, mana. Mukapume.

Atsikana a pazenera, yambani ndinu, chifukwa ndinu eni ake. Enafe tiimirire, tiwombe m'manja mpaka amve kumigodi.