Makala Osakhuta a Bambo Medson

A Medson a ku Chinsapo ndi munthu woti akanena kuti mbuzi ndi nkhosa, mbuziyo imangovomera kuti nkhani ithe. Ndere zitabiriwiritsa madzi a m'thanki mwawo mpaka kumanunkha ngati dambo, iwo anakonza sefa ya ndowa ziwiri n'kuthiramo makala apadera ochokera kwa mlamu wawo Kings, aja a timabowo tosaoneka togwira fungo ndi zonyansa za ndere. Tsono tsikuli ankhoswe odzafunsira mwana wawo Tiwale anali atakhala kale pabalaza, ndipo a Medson ankafunitsitsa kuti anthuwo akasimbe kwawo kuti apeza banja laukhondo.

Kukhitchini anapeza akazi awo, a Dorica, akuyang'ana ndowa zija mokayikira. Mayi amenewa mawu a amuna awo amawatenga mmene atulukira, osachotsera, osawonjezera.

"Bambo a Tiwale, kodi makala amenewa sakhuta?"

"Akhute ali ndi mimba?"

"Komatu a Kings anati pakapita nthawi tiziwasintha."

"Aaa, Kings amadziwa chiyani? Awa amameza fungo lililonse, chaka ndi chaka."

"Lililonse?"

"Ndati lililonse."

"Ngakhale lamphamvu?"

A Medson sanafune kutaya malovu. Anatunga kapu yodzaza, n'kuigugudiza maso ali pa akazi awo, kenako anapukuta pakamwa monyadira.

"Mwaona? Ngati a m'botolo."

"Basi mtima wanga wakhala pansi," anatero a Dorica akuusa moyo. "Ndimaopa kuti sabata ija yawatopetsa."

"Sabata iti?"

A Dorica anafotokoza modekha. Bambo ali kumaliro ku Mitundu, chimbudzi chinayamba kumveka mpaka kumsewu, alendo ali pafupi kubwera. Atakumbukira mawu a amuna awo akuti makalawo amameza fungo lililonse, anakhuthulira makala aja m'chibekete n'kukachiika pambali pa dzenje. Fungo linachepadi, ngakhale aneba anayamikira. Mmawa wa tsiku la alendoli ndi pamene anawabwezera m'ndowa kuti ayambenso ntchito yawo yakale.

A Medson anayang'ananso kapu ija. Anachita mantha, ndipo manyazi anaposa mantha.

"Munawatsuka?" anafunsa monong'ona.

"Munati sopo amatseka timabowo."

"Ndi madzi okha bwanji?"

"Madzi ake ati? A m'thanki munati ndi oipa."

"Mayi inu, makala amakhuta! Ngakhale mwana amadziwa zimenezo."

"Iii, ayamba liti? Pompano anali osakhuta."

A Medson analoza ndowa zija. Analamula kuti madziwo atayidwe kuseri, ndipo ngakhale dontho lisafike pabalaza.

"Afika kalekale," anatero a Dorica akuwapatsira thireyi. "Ankhoswe amwa makapu awiri, ayamikira kwambiri. Akuti yachitatu amwera limodzi ndi mwini luso, muziwafotokozera chinsinsi chake."