Bambo wa ubatizo wa mwana wa Ermentrudi

Loweruka la Pasaka mzere wa ubatizo unazungulira tchalitchi cha ku Tournai. Berchar wosula nkhwangwa anaima ndi khanda m'manja, kumbuyo kwake kuli mkulu wina wadazi yemwe sankamudziwa.

"Ngwanu mwanayo, achimwene?" anafunsa mkuluyo.

"Ayi, ngwa Ermentrudi, wamasiye uyo wampango wofiira. Ndikhala bambo wake wa ubatizo. Ndikamuvuula m'madzimo, mayi akewo andilola basi. Ukwati tidzamanga tikakolola."

"Chikhristuchi mwachiyamba liti?"

"Khirisimasi yapitayi."

"N'chifukwa chake. Ukavuulira mkazi mwana, ansembe amati mkaziyo wasanduka mlongo wako. Kumukwatira n'kulaula, ndipo salola mpaka kumanda."

"Mlongo wanga bwanji, kwawo kuli kutsidya kwa mtsinje?"

"Ansembe safunsa kwawo. Nzeru imeneyi anakupatsani ndani?"

"Waddo wa pachigayo. Munthu wabwino kwambiri, mayiyo amamugayira tirigu ulere."

"Wokwatira?"

"Mbeta yamphongo."

Berchar anasuzumira kutsogolo. Panatsala anthu atatu okha.

"Akulu, nanga inuyo muli pabanja?"

"Zaka makumi atatu, achimwene."

"Ndiye tandigwirirani mwanayu. Tikafika pamadzipo musandibwezere."